Pakamwa pa Chiboliboli cha a Kampira

Inu amene mumaopa mdima, dziwani kuti kwathu kuchigwa cha Shire nthawi yoopsa ndi masana. Dzuwa likafika paliwombo m'nyengo yotentha, mudzi wonse umangoti zii. Nkhuku zimayasama pansi pa nkhokwe, anthu amagona pansi pa mitengo ngati odwala, ndipo ukaitana palibe amene amadzutsa mutu. Nkhani ya a Kampira inachitika dzuwa likuswa mtengo choncho, ndiye musadikire kumva za kadzidzi.

A Zuze Kampira anagwira ntchito moyo wawo wonse pa esiteti ya nzimbe, kuyang'anira makina opopa madzi. Makinawo ankalira osapuma, ndipo akaweruka ankakapeza phokoso lina kunyumba: akazi awo, mayi Joana, amene ankatha kuyamba nkhani akusonkha moto n'kudzaimaliza mbale zitauma pathandala. A Kampira anali munthu wa "ee" ndi "ayi" basi. Ankati mawu m'nyumbamo alimo kale okwanira anthu awiri.

Atapuma pantchito anasamukira kumudzi kwa akazi awo, poti kwawo kunapita ndi madzi osefukira kalekale. Chaka chisanathe mayi Joana anamwalira. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Elube, anali pabanja ku Chirimba, mumzinda wa Blantyre. Motero a Kampira anatsala okha, mkamwini wopanda mkazi m'mudzi wa eni. Anthu sanawathamangitse, komanso sanawazolowere. Moni ankawapatsa bwinobwino, koma nkhani zenizeni zinkayamba iwo akadutsa.

Chimene chinkawasunga chinali foni ya Lamulungu. Elube ankaimba akangochoka kutchalitchi.

"Ababa, muliko?"

"Ndiliko, mwananga."

"Mwadya? Musandinamize. Ine ndikuti bwerani muzidzakhala kuno, chipinda chilipo."

"Nanga manda a amayi ako azisesa ndani?"

Mawu amene ankayankhula pafoni imeneyo ndiwo ankakhala a sabata yonse. Masiku enawo ankangoyankhula ndi galu wawo, Taiga, amene nayenso analibe zambiri zonena.

Zosemasemazi anawayambitsa ndi Elube yemweyo. Atabwera kudzacheza, anawaonetsa kanema pafoni wa anthu a kuzilumba zakutali akusema thunthu la mtengo wonga mgwalangwa. Ankasema nkhope zazikulu, maso otong'oka, kukamwa yasa, mano onse pamtunda. Anati kumeneko amazitcha tiki.

"Migwalangwa yonse ili panoyi, ababa, bwanji osayesako? Kusiyana n'kumangoyang'ana khoma."

A Kampira anaseka, koma Elube atapita anakagula tchizulo ziwiri kumsika, nanola kasemasema wakale wa apongozi awo. Apo ndi pamene anadziwa kuti mgwalangwa si mtengo ngati inzake. Kunja ndi kolimba ngati fupa, mkati ndi mofewa modzaza ulusi, ndipo ulusiwo umalowa m'zala ngati singano. Wauwisi umachucha madzi n'kuwola usanathe kuusema. Wogwa pansi umakhala utadyedwa kale ndi chiswe. Ziboliboli zawo zoyamba zinali zomvetsa chisoni: china chinkaoneka ngati chule wodwala mano, china ngati iwo eni akadzuka kumene. Ndipo zonse zinkang'ambikira malo amodzi, pakamwa. Akangolowetsa tchizulo kuti aboole pakamwa, mtengo unkati phwa, nkhope n'kugawika pawiri.

Anazindikira kuti pakufunika mtengo umene unafa chiimire n'kuumira m'mwamba momwemo. Anaupeza m'nkhalango ya migwalangwa imene ili pakati pa mudzi ndi msewu waukulu, momwe mumadutsa njira yochokera pasiteji. Unali wopanda mutu, wakuda, wouma gwa. M'mbali mwake munali zikhomo zimene anthu a uchema, mowa wa mgwalangwa, amakhomera kuti azipondapo pokwera kukamangirira zigubu kunsonga. Zikhomozo zinali zakale, ndipo chimodzi chapamwamba chinali chothyoka. Udzu wozungulira mtengowo unali wautali, wosadyedwa ndi mbuzi, ngakhale ponseponse panali mbee.

A Kampira anaudula ndi nkhwangwa, nakapempha mwini ngolo kuti awanyamulire. Mwini ngoloyo anabwera akuimba mluzu. Ataona chitsa anasiya mluzuwo, nayang'ana a Kampira, nayang'ananso chitsa.

"Ng'ombe zatopa, madala," anatero, n'kutembenuza ngolo.

Ng'ombe zake zinali zisanagwire ntchito iliyonse tsiku limenelo. A Kampira anangodula chigawo chofika m'chiuno, nachimangirira panjinga, n'kuyamba kukankha. Amayi amene anakumana nawo panjira anapatukira kutchire osapereka moni. Iwo sanadabwe kwambiri, poti kupatukiridwa anali atakuzolowera.

Koma mtengo wake unali wabwino bwanji! Tchizulo inkayenda mosavuta ngati kuti nkhopeyo inalimo kale, iwo akungochotsa zophimba. Chipumi chinatuluka, mphuno inatuluka, maso anatuluka akuya, osati otong'oka ngati a mukanema muja. Anafuna kuwongola khosi, koma ulusi wa mtengo unkakokera kumanzere, ndipo mutu unatsala wopendekeka. Pakamwa anapasiya posalala. Anaopa kuwononga chinthu choyamba chokongola chimene manja awo anapanga.

Anachiimika pakhonde, pamene pankakhala mpando wa mayi Joana. Madzulo akamamwa tiyi anayamba kuchiuza nkhani: za makina a ku esiteti, za bondo lawo, za momwe Elube anabadwira mvula ili pakati. Munthu uja wa "ee" ndi "ayi" anapezeka kuti ali ndi nkhani zambiri. Chinkamvetsera bwino, mutu chopendeketsa, ndipo kunena zoona a Kampira anayamba kugona tulo tabwino.

Taiga ndiye anayamba kukana khonde. Ankagona patali, pansi pa mtengo wa nimu, maso ali pachiboliboli. Kenaka panabwera fungo. A Kampira mowa sankamwa, koma pakhonde pawo pankanunkha uchema wowawasa, ndipo njuchi ndi ntchentche zinkaunjikana pamtengo wouma uja, pamalo posalala pomwe panayenera kukhala pakamwa. M'mawa uliwonse pansi pake pankakhala ponyowa. Tchizulo ankazisunga m'chitini m'nyumba, koma yaing'ono mwa ziwirizo ankaipeza panja, itagonekedwa bwinobwino kutsogolo kwa chiboliboli, chogwirira chitaloza kukhomo kwawo. Anadziuza kuti ndi ukalamba, munthu umaiwala.

Tsiku lina masana akuchokera kuchigayo, anakumana ndi munthu m'njira ya m'migwalangwa. Anali ataima pamthunzi wochepa, chingwe m'chiuno, chigubu chopanda kanthu m'manja. Nkhope yake a Kampira sanaione bwino chifukwa cha kunyezimira kwa dzuwa, koma anaona kuti milomo yake inali yoyera mbuu, yong'aluka, ndipo mutu unali wopendekekera kumanzere.

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

Munthuyo anangokweza dzanja pang'onopang'ono n'kugwira pakamwa pake. A Kampira anadutsa. Atayenda pang'ono anacheuka, ndipo anangoona mitengo ndi kamphepo kotentha kakuzungulitsa fumbi. Thukuta limene linali pamsana pawo linazizira.

Amene anaulula nkhani anali a Tchale, nkhalamba yotsimphina imene kale inkakwera migwalangwa ndipo tsopano inkangomanga matsache a mlaza. Anabwera atalawako mowa, poti akanakhala kuti sanalawe sakanabwera. Anakana kukwera pakhonde. Anakhala pansi pa nimu limodzi ndi galu.

"A Kampira, mtengo umenewu anakupatsani ndani?"

"Unali wouma, a Tchale. Unalibe mwini."

"Unalibe mwini! Inu akamwini mumavuta, simufunsa."

"Ndikafunsa amandiyankha ndani m'mudzi muno?"

A Tchale anafotokoza. Mtengowo unali wa Bizeki, mnzawo wa uchema, munthu wosakwatira amene ankakhala yekha kumapeto kwa mudzi. Zaka zimenezo a Kampira anali ku esiteti. Tsiku lina pafupifupi mudzi wonse unapita kuukwati kutsidya, Bizeki n'kutsala kuti akatsitse zigubu zake. Chikhomo chinathyoka. Anagwa, msana n'kuthyoka, koma sanafe pomwepo. Anagona padzuwa tsiku lonse akuitana.

"Ena amene anatsala m'mudzi anamumva," anatero a Tchale. "Anati waledzera, monga mwa masiku onse. Tinakamupeza mawa lake, nyerere zitatiyambira kale. Kuyambira pamenepo mtengo umenewo sitiukhudza, ngakhale mbuzi zimadziwa." Analoza chiboliboli ndi ndodo osachiyang'ana. "Mwachita mwayi simunaboole pakamwa. Musaboole. Mukaboola aitana, ndipo akaitana musayankhe."

"Ndikayankha chichitike n'chiyani?"

"Sindikudziwa, ndipo sindikufuna kudziwira pa inu."

A Kampira anamvera. Anakulunga tchizulo m'chiguduli, naziika pansi pa matiresi. Sabata imeneyo sanacheze nacho chiboliboli, ankangodutsa ngati munthu amene wayambana ndi mnzake. Nyumba inabwerera kukhala chete wake uja, ndipo chete wake anali wolemera kuposa kale.

Lamulungu linafika, foni sinalire. Anaiika pampando, naiyang'ana kuyambira anthu akuchoka kutchalitchi mpaka nkhuku zikulowa. Anayesa kuimba, koma inkangoti nambala sikupezeka. Pambuyo pake zinadziwika kuti ku Chirimba magetsi anazima ndipo foni ya Elube inatha moto, nkhani yaing'ono. Koma kwa munthu amene wasunga mawu sabata yonse, si yaing'ono. Anamva chisoni chimene sanachimve ngakhale tsiku la maliro, chisoni choti atafa usiku umenewo, angadzadziwike ndi fungo.

Kutacha anatulutsa tchizulo. "Iwe ndi ine tili chimodzimodzi," anachiuza chiboliboli. "Bola iwe uli ndi chifukwa chokhalira chete."

Analowetsa tchizulo, koma ulendo uno mtengo sunang'ambike. Pakamwa panatseguka mosavuta, ndipo mkati mwake ulusi unali wonyowa.

Masana a tsiku lomwelo, mudzi utagona, anamva. Mawuwo sanachokere pakhonde ayi. Anachokera kutali, kumigwalangwa, mawu a mwamuna, osasa, otopa.

"Kuli anthu uko?"

Woitanayo anadikira kanthawi, ngati munthu amene akumvetsera yankho.

"Kuli anthu uko?"

A Kampira anaona amayi akukokera ana m'nyumba, zitseko zikutsekedwa ngakhale kunkatentha chotero. Wina anatsegula wailesi mokweza. Palibe anabwera kudzawakalipira, ndipo zimenezo zinawapweteka kuposa kukalipiridwa. Mawuwo anaitana mpaka dzuwa litapendeka, n'kusiya. Mawa lake anayambiranso, mkuja wakenso chimodzimodzi. Sankaopseza, sankatukwana, ankangofunsa. A Kampira ankatseka makutu ndi pilo, koma funsolo ankalidziwa bwino. Iwonso anali atalifunsapo, osatulutsa mawu, ataima pakhomo la nyumba yawo yomwe.

Tsiku lina sanathenso kupirira. Mawuwo anali atafooka, akungotuluka ngati a munthu amene lilime lamamatira. A Kampira anaimirira pakhonde, naika manja kukamwa, nafuula mokweza momwe sanafuulirepo chibadwire.

"Tilipo! Limbani mtima, ndikubwera!"

Anatunga madzi m'kapu n'kuyenda padzuwa mpaka pachitsa paja. Panalibe munthu. Udzu wokha unali wogonekezeka, ngati pamene pagona munthu nthawi yaitali. Anathira madziwo pansi pang'onopang'ono, nthaka n'kuwamwa onse. Kunali bata. Mphepo inayamba kugwedeza masamba m'mwamba, ndipo a Kampira anamva mtima wawo utapepuka, ngati munthu amene wagwira ntchito imene inadikira zaka.

Pobwerera anaona Taiga akubwera kudzawachingamira. Anafuna kumuitana. Milomo inayenda, lilime linayenda, koma sipanatuluke kanthu. Anatsokomola, nayesanso. Ngakhale kutsokomolako kunalibe mawu.

Masana otsatira kuitana kunayambiranso kumigwalangwa, koma sanali mawu osasa aja. A Kampira anakhala pakhonde, pakamwa potseka, akumva mawu awoawo, ndi katchulidwe kawo ka kwawo kumene kunapita ndi madzi, akufunsa ngati kuli anthu.

A Tchale anabwera osalawa ulendo uno. Anayang'ana a Kampira, namvetsera kunkhalango, nagwira mutu.

"Bizeki wapita, wapuma," anatero. "Wakusiyirani malo. Mwina mlendo wina wosadziwa adzayankha tsiku lina, mawu anu n'kubwerera, iye n'kutsala. Am'mudzi muno ndiye musawadalire. Kapena muchiotche. Koma mawu anu ali m'menemo. Ndikuganiza kuti apsera limodzi."

A Kampira anapukusa mutu. Anaganiza zodikira. Njira ya pasiteji imadutsa anthu ambiri, ogulitsa nsomba, okwera njinga, ndipo sindibisa, maganizo amenewo anawalowa, ngakhale ankachita nawo manyazi.

Lamulungu foni inalira. Anaitenga.

"Ababa, pepani sabata yatha, magetsi anatizimira. Muliko?"

Anatsegula pakamwa.

"Ababa? Mukundimva? Mwakwiya kodi? Ababa!"

Misozi inatsika m'masaya mwawo. Anathamangira kwa a Tchale ndi foni m'manja, Elube akuitanabe m'menemo. A Tchale anailandira, nayesa kuzungulira nkhani, kuti bambo ako adwala pakhosi, si zoopsa. Koma Elube anali mwana wa mayi Joana, sankanamizika.

"Ndikubwera mawa," anatero. "Ndikwera minibasi yoyamba. Ndifika kumeneko masana."

Foni itangoduka, kuitana kwa kunkhalango kunasiya. A Tchale ndi a Kampira anayang'anana. Kenaka mawu aja anayambanso, momveka bwino, mwachikondi, monga momwe bambo amaitanira mwana kuti adzatenge chinthu chabwino chimene wamubweretsera.

"Elube! Elube, mwananga!"

A Kampira anakhala pansi m'fumbi. Elube anali mwana amene sankadikira kuitanidwa kawiri. Ali wamng'ono, bambo ake akangoti "Elu," iye anali atayankha kale kuseri kwa nyumba. Ndipo njira yochokera pasiteji ndi imodzi yokha. A Tchale anayesa kuimbanso kuti amuchenjeze, koma mumamuuza bwanji mwana wa mutauni kuti akamva bambo ake akuitana m'tchire asayankhe? Elube anangoti, "Agogo, mwamwa eti?" n'kudula.

Kusanache bwino a Kampira anakokera chiboliboli pabwalo. Chinali cholemera kuposa tsiku limene anachikankha panjinga. Anachiunjikira mlaza wouma, matsache a a Tchale, ziboliboli zong'ambika zija, ndi mpando wakale wa mayi Joana. Anathira palafini yense wa m'nyumba. Asanayatse anachiyang'ana nthawi yaitali. Chinthu chimenechi ndicho chinamva nkhani zawo pamene panalibe wina wozimva, ndipo m'kamwa mwake munali zonse zimene anali asanamuuze mwana wawo. Anakhwatcha machesi.

Mgwalangwa suyaka ngati nkhuni zina. Umafuka, umanyeka mkati pang'onopang'ono. Dzuwa linkakwera, chiboliboli chili chiimire pakati pa utsi, chakuda bii, pakamwa yasa. A Kampira anathyola mpanda wawo wa bango n'kuponya pamoto. Anazula chitseko cha khitchini. Manja anapsa, osamva. Kenaka anaona mayi wina wa nyumba yoyandikana nayo akubwera ndi mtolo wa nkhuni. Anauponya pamoto n'kubwerera. Anabweranso wina, kenaka mwini ngolo uja. Aka kanali koyamba kuti anthu a m'mudzimo, kupatula a Tchale, aponde pabwalo lawo chimwalirire mayi Joana.

Dzuwa litafika paliwombo, kuitana kunayamba. "Elube!" Kunali kwamphamvu poyamba. Moto unalowa m'kamwa mwa chiboliboli, utsi n'kumatuluka m'maso. "Elube, mwananga!" Mawu anayamba kusasa. A Kampira anaima chilili, akumvetsera mawu awo komaliza, monga munthu amene akuperekeza mlendo ndi maso mpaka atazimiririka kuseri kwa phiri. Mutu wopendekeka uja unagwa, n'kusweka makala okhaokha. Kunkhalango kunamveka "Elu," ndipo sikunamvekenso kanthu.

Posakhalitsa Taiga anauwa n'kuthamangira kunjira. Elube anatulukira m'migwalangwa, chikwama pamutu, thukuta lili kamukamu. Anaona mpanda wothyoka, khitchini yopanda chitseko, phulusa pabwalo, ndi bambo ake ataima pakati, manja otupa. Anatula chikwama, nagwada, nawagwira manjawo mosamala.

"Ndadutsa m'nkhalango monse muja muli zii, mpaka ndimachita mantha," anatero. Anawayang'ana kumaso. "Ababa, mwavutika chonchi nokhanokha? Bwanji osandiitana?"

A Kampira anamwetulira, misozi ikugwera pa phulusa. Anamusisita pamutu ngati mwana wamng'ono.

Anapita naye ku Chirimba sabata yomweyo. Madokotala anayeza pakhosi, sanapeze kanthu. Amene anawaonako amati amakhala pakhonde, adzukulu akuwasokosa mbali zonse, iwo akusema timbalame ta mtengo wa mkungudza. Manda a mayi Joana amasesa ndi a Tchale. Ndipo Lamulungu lililonse akachoka kutchalitchi, Elube amakhala pambali pawo n'kufunsa monga kale, "Ababa, muliko?" Iwo amamugwira dzanja n'kulifinya.

Yanga yathera pomwepa. Chitsa chija chikadalipo m'njira ya pasiteji, ndipo mbuzi zinayamba kudyapo udzu.